Kendama ya thabwa yoseweredwa madzulo alionse: zomwe zatha ndi zomwe ndakonza

Epulo 2022

Anzanga angapo amene ali ndi ana akhala akundifunsa ngati kendama ndi chinthu choti munthu n'kutayirapo ndalama, kapena ndi zoseweretsa zija zimene zimatha sabata isanathe. Kuyankha pakamwa sikungathandize, ndiye ndaganiza zoti ndizilemba zonse zimene ziziichitikira kendama yanga kuyambira lero, zabwino ndi zoipa zomwe.

Kwa amene simunaionepo, ndi choseweretsa cha ku Japan cha zidutswa zitatu za thabwa. Pali mpini wokhala ndi nsonga kumwamba ndi kambale kumunsi. Pampiniwo amavekapo kamtengo kopingasa kotchedwa sarado, komwe kali ndi mbale ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono. Chachitatu ndi mpira wa thabwa woboola, womangirira ku kachingwe. Umaukokera m'mwamba mpirawo n'kuuwakha ndi mbale, kapena kuulasa kuti nsonga ilowe m'bowo. Masewera onse ndi thabwa kumenyana ndi thabwa linzake, kambirimbiri pa mphindi iliyonse, choncho wofunsa za kulimba kwake sakulakwa.

Ndagula ziwiri. Yoyamba ndi ya muyezo wa mipikisano, yokhala ndi chidindo cha bungwe la Japan Kendama Association pampini, ndipo yandidyera mayeni (ndalama za ku Japan) pafupifupi 2,000. Mpini ndi sarado anasema ku mtengo wa beech, umene kuno ku Japan amautcha buna, pomwe mpira ndi wa mtengo wa sakura, wopaka penti yofiira yonyezimira. Kutalika kwake ndi masentimita 18, mpira ndi masentimita 6 m'mimba mwake. Pasikelo ya kukhitchini, mpini pamodzi ndi sarado zalemera magalamu 69, mpira magalamu 73. Manambala amenewa muwasunge, tidzawafuna kutsogoloku. Yachiwiri ndaitola m'sitolo ya zinthu zotchipa pa mayeni 330, kuti pakhale poyerekezera.

Ndikukhala m'chigawo cha Hiroshima, kwawo kwenikweni kwa choseweretsachi. Kendama ya mbale zitatu imene tikuidziwa lero anailembetsa kuboma ndi a Egusa a mumzinda wa Kure mu 1919, ndipo amisiri osema matabwa a ku Hatsukaichi anayamba kuipanga mu 1921. Koma kwa munthu woganiza zodzakonza chinthu chikawonongeka, chaka chofunika ndi 1975, pomwe a Fujiwara Issei anayambitsa bungwe lija la chidindo. Bungweli ndilo linaika muyezo umodzi, moti mpira kapena chingwe chogula padera chimakwana pa kendama ina ya muyezo womwewo.

Ndizisewera madzulo alionse ndikaweruka, osaisamala mopyola muyezo, chifukwa mwana sangatero.

Meyi 2022

Penti yatsopano ndi yoterera zedi. Kuwakha m'mbale zonse zitatu sikukuvuta, koma chilichonse chofuna kuti mpini uime pamwamba pa mpira chikukanika, umangotsetsereka n'kugwa.

Zipsera zoyamba zinatuluka masiku oyambirira omwe. Pophunzira tomeken, komwe umakoka mpira molunjika kuti bowo lidzakhale pansonga, nsonga imaphonya kambiri n'kujompha m'mbali mwa bowo. Pano kuzungulira bowolo pali timaenje ting'onoting'ono tothithikana. Penti yalowa m'kati koma sinachoke. Pamimba pa mpira pali timizere topindika tosiyidwa ndi milomo ya mbale, ndipo chala chikadutsapo chikumva kukhakhala. Apa sindikukonzapo kanthu.

Chovuta choyamba sichinali thabwa koma phokoso. Makoma a nyumba zogona zakuno ndi opyapyala, ndipo kulira kwa kendama kumafika kwa oyandikana nawo, ndiye ndinasamukira kupaki. Mapaki ambiri kuno pansi pake ndi mchenga wa miyala yonyenyeka, wotsenderedwa mpaka kuuma gwa. Kendama ikapulumuka m'manja posintha kagwiridwe n'kugwera pamenepo, timiyala timalowa m'penti n'kukhala momwemo. Kugwa kumodzi pamchengawo kwasiya chilonda chachikulu kuposa zipsera zonse zimene nsonga yapanga mwezi wathunthu. Timiyalato ndatitokosa ndi singano, n'kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono. Tsopano panja ndimaima pakapinga, m'nyumba ndayala chidutswa cha kapeti yakale. Ndalama sizinatuluke.

Yotchipa ija yafa kale. Penti ikumatuka zigambazigamba, nsonga yabuntha, chingwe chaduka. Ndikanaikamo china, koma sarado yake anaimata ndi guluu pampini, ndiye palibe polowetsera. Chimene chandipweteka mtima si kutha msanga kokha ayi. Mbale zake n'zosaya, zosagwirizana ndi kukula kwa mpira, moti mpira umatera bwinobwino n'kudumphamo. Mwana woyambira pa yotereyi aziganiza kuti wolephera ndi iyeyo, n'kuitaya, pomwe vuto lili pa kasemedwe. Imeneyi sindiitchulanso.

Julayi 2022

Tili m'nyengo ya tsuyu, mvula ya Juni ndi Julayi, pomwe mpweya umakhala wonyowa moti zovala siziuma pachingwe. Thabwa lamwa chinyezi. Sikelo ikuonetsa magalamu awiri owonjezera pa zonse pamodzi, ndipo sarado yathina moti ngakhale kuipotoza sikutheka. Penti imene inkaterera ija tsopano ikunanda pang'ono m'zala. Todai, komwe umagwira mpira n'kuimika mpini chilili pamwamba pake, yayamba kutheka. Mbali ina ndi dzanja kuzolowera, koma ndikukhulupirira kuti thabwa lathandiza kwambiri, chifukwa timaenje tija ta m'Meyi tapatsa mlomo wa mbale yapansi pogwira.

Itakhala masiku angapo m'kajumbo ka pulasitiki m'chikwama cha kuntchito, m'kati mwa mbale yapansi ndi m'bowo la mpira munachita chuku chotuwa. Ndapukuta ndi kathonje kotokosera m'khutu konyowetsa spiriti pang'ono, pathabwa lopanda penti pokha, n'kuiumika pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa ayi. Ndagula kathumba ka nsalu, mayeni 110.

Sepitembala 2022

Chingwe choyamba chatha. Chinayamba kutuluka ubweya pamene chimatulukira pa kabowo ka sarado, pomwe chimakhulana ndi thabwa nthawi iliyonse mpira ukaphonya n'kuchikoka ndi mphamvu. Ndasintha chisanaduke, chifukwa mpira wa thabwa ukathawa m'chipinda ungaswe galasi kapena kuvulaza munthu.

Paketi ya zingwe yokhala ndi timikanda ndagula mayeni pafupifupi 300. Kachitidwe kake ndi aka. Gwirani mpini n'kukankhira sarado kunsonga ndi zala zazikulu mpaka iguluke. Yanga inali idakali yothina ndi chinyezi, ndiye ndinaikulunga kansalu n'kuigogoda pang'onopang'ono ndi kathabwa, mbali iyi kenako inayo. Lowetsani chingwe pa kabowo ka sarado kuchokera kunja, chidutsenso pa kabowo ka mpini, mumange mfundo, mubwezeretse sarado. Mbali inayo ilowe pa kabowo kakang'ono ka pamwamba pa mpira, itulukire kubowo lalikulu, muvekepo mkanda n'kumanga mfundo. Mkandawo musauiwale. Ndi umene umalola mpira kuzungulira popanda kupota chingwe, ndipo chingwe chopotana chimatha msanga.

Ngati mumasewera ndi dzanja lamanja, mukaimika nsonga m'mwamba mbale yaikulu itayang'ana kwa inu, chingwe chizitulukira kumanzere. Kwa amanzere chizitulukira kumanja. Kutalika kwake kwa munthu wamkulu ndi masentimita 38 mpaka 40, kwa mwana chifupikireko. Njira yachidule yoyezera ndi kuika mpira pansonga: chingwe cholendewera chipitirire mbale yapansi ndi zala ziwiri.

Ndisanalowetse chatsopano ndinayang'anitsitsa kabowo ka sarado ndipo ndinapeza kuti mlomo wake unali wakuthwa. Ndapinda kachidutswa ka sandipepa ya nambala 400 n'kukazungulitsa m'kabowomo mpaka posalala. Sandipepa mayeni 110.

Januwale 2023

Ili ndiye vuto lalikulu chiyambire. Kunja kukuzizira, m'nyumba hita ikuyaka usiku wonse, mpweya wauma. Thabwa lataya madzi onse aja linamwa m'Julayi, ndipo sikelo yatsika kufika pansi pa manambala a m'Epulo.

Ndinayamba kuzindikira ndi makutu. Pochita moshikame, komwe umasinthasintha mpira mofulumira pakati pa mbale yaikulu ndi yapansi, kaliridwe kanasintha, kukhala ngati pali china chikuyankha m'kati. Kenako sarado inayamba kupotoka, mbale yaikulu n'kumayang'ana cham'mbali. Tsiku lina pochita hikoki, komwe umagwira mpira n'kuponya mpini kuti nsonga idzalowe m'bowo, sarado inaguluka n'kutsetserekera kunsonga.

Sarado sigwira ndi msomali kapena guluu. Mpini ndi wonenepa kumunsi, wowonda kunsonga, ndipo sarado amangoikanikiza mpaka itagwira. Thabwa likamauma limachepa m'mimba mwake, koma m'litali mwa mitsempha yake silisintha kwenikweni. Mitsempha ya mpini imayenda kuchokera pansi kukafika kunsonga, ndiye mpini umawonda mbali zonse. Ya sarado imayenda kuchokera kumbale ina kupita kuinzake, ndiye bowo lake silichepa mofanana ndi mpini. Mpata umabadwa pamenepo.

Aliyense amene anagwirapo khasu m'chilimwe akudziwa kuti mpini ukauma khasu limagwedera, ndipo mankhwala ake ndi kuliviika m'madzi usiku. Kendama musaiviike. Idzagwira masiku awiri, koma thabwa lofufuma mothinana limaphwanya mitsempha yake, ndipo likaumanso limakhwepa kuposa kale. Kunyowa ndi kuuma mwadzidzidzi kumang'alulanso thabwa.

Amene anandithandiza ndi agogo ena aamuna amene amaphunzitsa ana kendama Loweruka kuholo ya m'dera lathu. Anaitenga, anagulula sarado, anang'amba kachidutswa kowonda ka envelopu, m'lifupi mwake ngati chala chamkombaphala, n'kukakulunga pampini pamene sarado imakhala, osafikitsa kuzungulira konse. Anabwezeretsa sarado ndi manja, kenako anagwira mpini chilili n'kugogodetsa mbale yapansi pabenchi ya thabwa katatu konse, mofatsa. Kulemera kwa sarado komwe ndiko kumaitsitsa n'kuikhazika. Sanaimenye ndi chinthu kuchokera pamwamba. Atandibwezera, kaliridwe kanali katabwerera mwakale.

Ndinawafunsa za guluu, chifukwa osewera ena amadontheza kadontho ka guluu woyera pamenepo. Agogowo anakana, akuti mawa lino mudzafuna kusintha chingwe, nanga mudzatsegula bwanji? Anandichenjezanso kuti pepalalo ndidzalichotse mvula isanayambe, chifukwa mpini ukadzafufuma pepala lili momwemo, chong'aluka ndi sarado. Ndalemba pakalendala. Kendama tsopano ikugona m'kabati ya zovala, kutali ndi hita.

Chingwe cha m'Sepitembala chidakali bwinobwino, chilibe ubweya pakabowo paja. Kusalaza kuja kunagwira ntchito.

Epulo 2023

Nsonga yabuntha. Ndikayerekeza ndi chithunzi chimene ndinajambula poigula, yafupika ndi mamilimita awiri kapena atatu, ndipo pamwamba pake mitsempha ya thabwa yaphwanyika n'kuyanzikira m'mbali. Zotsatira zake zikuoneka pa furiken, komwe mpira umabwera mozungulira kuchokera kutsogolo. Nsonga yosongoka ikagunda mlomo wa bowo imatsetserekera m'kati, koma yobuntha imakodwa pamlomo n'kukankha mpira.

Ndayamba ndi sandipepa ya nambala 240, kumalizira ya 400. Sandipepa ikhale m'dzanja limodzi yopinda, mpini uzizungulira m'dzanja linalo, kuti nsonga isapendekere mbali imodzi. Chotsani zoyanzikira zokhazo. Mtima umafuna kuisongola kwambiri, koma nsonga yakuthwa imathyoka msanga, ndipo thabwa lililonse mwachotsa silibwerera. Nsonga ikafupika mopitirira, mpira sukhalanso bwino pampini.

Kenako ndapaka supa guluu kuti nsonga ilimbe, monga amachitira osewera ambiri. Ndagula wokhuthala uja wa jeli, mayeni 110.

Chenjezo kwa amene mukufuna kudzalowa mipikisano kapena mayeso a bungwe lija: amayamba ayendera kendama ya aliyense, ndipo yosinthidwa maonekedwe kapena yopentedwanso sailola. Funsani aphunzitsi anu musanaikhudze ndi sandipepa. Yanga ndi yosewerera pakhomo, ndiye ndili ndi ufulu woyesa.

Meyi 2023

Guluu wa jeli walephera. Sanalowe m'thabwa, anangouma pamwamba, ndipo atagundidwa kambiri anasweka n'kuchoka ndi kachidutswa ka nsonga. Ndasalazanso n'kugula wamadzimadzi, mayeni 110. Ndadontheza kadontho papepala, n'kugubuduza nsonga m'kadonthomo, kudikira kuti aume, kusalaza ndi 400, n'kubwerezanso kamodzi. Uyu wamira m'mitsempha. Nsonga yaderako mtundu, ndipo chikhadabo sichikulowa.

Pepala la agogo lija ndachotsa. Sarado yagwira yokha.

Ogasiti 2023

Patchuthi cha sukulu ana a aneba anga anaibwereka masana angapo. Kaseweredwe kawo n'kaphuma, amakoka mpira ndi mphamvu, amaumenyetsa m'mbale, koma zonsezo sizinaiwononge. Chinaiwononga ndi masitepe a simenti. Inagwera pamenepo n'kubenthuka mlomo wa mbale yaing'ono, kachidutswa kosaposa theka la chikhadabo. Mwayi wake, mmodzi mwa anawo anakatola n'kubwera nako m'manja, nkhope ili gwa ndi mantha. Ndinamuuza kuti wachita bwino kwambiri kukatola, ndipo tinakonza limodzi.

Guluu woyera wa akalipentala, mayeni 110. Tinapaka pang'ono mbali zonse ziwiri ndi kamtengo kotokosera m'mano, kukhazika kachidutswako motsata mitsempha, kupukuta wotuluka m'mbali, n'kumanga ndi timphira tomangira ndalama. Chinagona usiku wonse. Supa guluu sindinamufune apa chifukwa amauma msanga, sakupatsa mpata wosuntha chidutswa kuti chikhale pamalo pake. M'mawa mzere unali wooneka koma chala sichinaumve, ndipo mpira ukukhala m'mbalemo osapendama. Chidutswa chikatayika, chotsala ndi kungosalaza pobenthukapo kuti pasapitirire kung'ambika.

Milomo ya mbale yaikulu ndi yapansi yaphwanyikaphwanyika, sinalinso yakuthwa ngati poyamba. Sindikuikhudza.

Disembala 2023

Ngati pali nthawi imene kendama iyi yakoma kuposa ina iliyonse, ndi ino. Kunyezimira kwa penti kwatha, mpira wonse wadzaza zipsera, ndipo mpini umene unali woyererako wasanduka wofiirira ndi thukuta ndi mafuta a m'manja. Munthu woiona angati yatha ntchito, koma m'manja ndi ina. Todai ikuima popanda kulimbana nayo. Uguisu, komwe mlomo wa bowo la mpira umakhala pamlomo wa mbale yaikulu utatsamira nsonga, inali yosatheka penti ili yatsopano, koma tsopano milomo iwiriyo yadyana mpaka ikulumana. Apa ndi pamene ndikusiyana maganizo ndi anthu amene amasalaza mpira kapena kuupentanso ukayamba kuoneka wokalamba. Zipsera zimene akufufutazo ndi zomwe zikugwira mpini.

Mwezi uno ndagula ina yoyerekezera, ya kapangidwe katsopano. Chiyambire mu 2014 mpikisano wa Kendama World Cup ku Hatsukaichi, kumabwera osewera a ku America, Denmark ndi maiko ena, ndipo ambiri a iwo amakonda kendama za mbale zokulirapo ndi penti yonanda yopangidwa dala. Yanga ndi ya mtengo wa maple, mayeni pafupifupi 5,000. Tsiku loyamba lomwe todai inaima, chinthu chimene chinanditengera miyezi pa yakale ija. Koma penti yonanda imatola fumbi ndi ubweya wa zovala, ndiye pamafunika kuipukuta ndi kansalu konyowa pafupipafupi, apo ayi imaterera kuposa yonyezimira. Pamlomo wa bowo yayamba kale kusupuka. Nsonga yake ndi imene yandisangalatsa: ndaimenyetsa masabata angapo popanda guluu, sinasinthe kwenikweni.

Mmene ndikuonera pano, yatsopanoyi yayambira pamwamba ndipo izitsika, pomwe yakale inayambira pansi n'kumakwera. Ndipitiriza kusewera yakaleyo madzulo, yatsopano Loweruka ndi Lamlungu.

Hita yayambanso, sarado yakhwepanso, kapepala kabwerera.

Juni 2024

Mpira watha. Bowo lakula ndipo silinalinso lozungulira. Lafutukukira mbali imodzi, kumene nsonga imagunda kawirikawiri pa furiken. Penti yachoka kuzungulira bowo lonse, thabwa lili poyera, ndipo mlomo ukubenthuka tizidutswa. Mpira ukakhala pansonga ukugwedera. Uguisu imene inakoma m'Disembala tsopano ikutheka mbali imodzi yokha ya bowo. Kabowo ka chingwe nako kakula, moti mkanda ukumalowamo n'kukakamira, mpira osazungulira. Pasikelo ndi magalamu 71, ngakhale kuti ino ndi nyengo ya chinyezi.

Ndikukhulupirira kuti guluu wa pansonga anafulumizitsa zimenezi. Poyamba nsonga ndi mlomo wa bowo zinkagawana kutha, china chikadya chinzake nacho chikudyeka. Nditalimbitsa nsonga, kutha konse kunapita kumpira. Sindikunena kuti guluu ndi woipa, chifukwa mpira umagulidwa padera mosavuta pomwe nsonga ikatha ndiye mpini wonse wapita. Koma wopaka guluu adziwe kuti akusankha chimene chiyambe kufa.

M'Meyi ndinayesa kuupulumutsa. Ndinasalaza mlomo wa bowo ndi sandipepa yokulunga pachala n'kumwetsa thabwa guluu wamadzimadzi. Zinagwira pafupifupi mwezi, kenako kubenthuka kunayambiranso kuseri kwa pamene guluu analekezera. Mkanda ndinaika wokulirapo, umenewo wathandiza.

Ndagula mpira watsopano wa muyezo womwewo, mayeni pafupifupi 1,200, ndi paketi ina ya zingwe. Wakwana bwino m'mbale zonse, koma ukulemera magalamu 79 pomwe mpini wanga watsika kufika 68. Kusiyana kumeneku dzanja likukumva. Pa hikoki mpini ukuoneka wopepuka, pa moshikame mkono ukutopa msanga. Thabwa la mtengo umodzi silimalemera chimodzimodzi, ndiye pogula mpira funsani kulemera kwake, kapena nyamulani kasikelo, musankhe woyandikira kulemera kwa mpini wanu. Penti nayo ndi yoterera ngati m'Epulo 2022, todai yabwereranso kukhala yovuta. Ena amakhula mpira watsopano ndi sandipepa kuti ugwire msanga. Ine ndikuusiya, nsonga ndi mbale zidzaupanga zokha.

Ndikawerengera zonse zokonzera chiyambire, kathumba, zingwe, sandipepa, maguluu ndi mpira, zikufika mayeni pafupifupi 2,300. Ndalama zimenezi n'zokwanira kugula kendama yatsopano yonse. Wofuna kusunga ndalama, mpira ukatha angogula ina. Ine ndasunga mpini chifukwa milomo ya mbale zake yadyeka mwa kagwiridwe kanga, ndipo zimenezo sizigulidwa m'sitolo.

Ya maple ija penti yake yasiya kunanda pamimba, pamene mbale zimagunda kwambiri, ndipo kupukuta sikukuibwezeranso. Nsonga ndi mbale zake zidakali zolimba.

Okutobala 2024

Mpira watsopano wayamba kugwira. Mlomo wa mbale yaing'ono umene tinamata chaka chatha sunasunthe ngakhale pang'ono.

Posintha chingwe sabata ino ndapeza mng'alu pasarado. Ndi wowonda kwambiri, umaoneka ukaupendeketsa kukuwala, ndipo wayambira pabowo lolowa mpini n'kutsata mitsempha kulowera kumbale yaikulu. Sinagwe posachedwapa. Ndikuganiza kuti ndi kufufuma ndi kuuma kwa chaka ndi chaka, kuphatikizapo kugulula ndi kukanikiza nthawi iliyonse yosintha chingwe. Bowo la sarado ndilo limanyamula mphamvu yonse ya mpini wothina.

Ndakonza sarado ili payokha, osati pampini, kuopa kuti guluu angamate ziwirizo. Ndadontheza supa guluu wamadzimadzi pamng'alu n'kumusiya kuti atsike yekha, kenako ndamanga ndi timphira mwamphamvu mpaka m'mawa. M'kati mwa bowo munatsala kamzere ka guluu wouma, ndakasalaza ndi 400 yokulunga papensulo. Pobwezeretsa sindinagogodetse pabenchi. Ndakanikiza ndi manja okha mpaka pamene yasiya kupotoka.

Pamene mng'alu wathera ndaikapo kachizindikiro ka pensulo. Hita ikayamba mwezi wamawa ndiziyang'ana sabata iliyonse. Nyengo yozizira ino ndiyesa kapepala kopyapyala kuposa envelopu, ka lisiti ya m'sitolo, kuti sarado igwire popanda kuthina kwambiri. Mng'alu ukadutsa chizindikirocho ndisiya kuiseweretsa ana, chifukwa sarado ikasweka pakati pa hikoki zidutswa zimauluka, ndipo ndiyamba kufunsa kwa agogo aja ngati pakati pa makendama akale a kuholo pali sarado yotsala yokwana pampini uwu.